Lumbiro la a Laitoni pa Chitseko cha Kagalimoto

Mwambi uwu, ana inu, unayamba motere, ndipo musandidule pakamwa chifukwa ine ndinalipo. Ndikudziwa kuti kusukulu anakuuzani kuti ndi wa makolo akalekale. Mukawafunse aphunzitsi anuwo ngati anawaona makolowo akuunena. Ine ndinauona ukubadwa pabwalo lomwe lino la kwathu ku Nathenje, tsiku la chinkhoswe cha Tiyanjane, mwana wa mlongo wanga Nambewe.

Bambo ake a Tiyanjane, amene ndi alamu anga, anali a Laitoni Chimbalanga a ku Kawale. Anagwira ntchito ya umesenjala ku ofesi ina mu Lilongwe zaka makumi awiri ndi zisanu. Papepala ntchito yawo inali yonyamula makalata ndi kuphika tiyi, koma ntchito yeniyeni inali yotsekulira bwana chitseko cha galimoto. Bwanayo dzina lake anali a Kapichila. M'mawa uliwonse galimoto ikangoima pakhomo, alamu anga ankathamanga chipewa chili m'manja, n'kutsekula, n'kuwerama. Kaya mvula, kaya dzuwa, kaya malungo, zinali zomwezo. A Kapichila ankatuluka maso ali panyuzi. Alamu anga ankati m'zaka zonsezo bwanayo anawayang'ana kumaso kawiri kokha: tsiku lowalemba ntchito, ndi tsiku lina atapanikiza jekete ya bwanayo ndi chitseko.

Zimenezi zinkawadya mumtima, ndipo apa sindikuseka ayi. Munthu wa ana anayi, mkulu wa mpingo, kumawerama tsiku ndi tsiku kwa munthu wosadziwa n'kunena zikomo komwe, zimapweteka.

Ndiye tsiku limene anapuma pa ntchito, tinasonkhana kwawo kudya kambuzi. Pakati pa chakudya anaimirira, n'kukweza dzanja lamanja ngati ali m'khoti.

"Abale anga, dzanja ili mulione bwino," anatero. "Latsekulira anthu zitseko mokwanira. Kuyambira lero, ngati ine Laitoni ndidzatsekule chitseko cha galimoto ndi dzanja langa, kaya polowa kaya potuluka, dzina langa mudzapatse galu."

Tonse tinaseka, chifukwa nthawi imeneyo alamu anga anali ndi njinga yakapalasa yopanda mabuleki akumbuyo. Nambewe yekha ndiye sanaseke. Ankamudziwa mwamuna wake.

Ndalama zopumira pa ntchito zitatuluka, Nambewe anali atayeza kale malo omangapo kagolosale. A Laitoni anangoti golosale sinyamula munthu. Loweruka lotsatira anandiitanitsa kuti ndikawaperekeze ku Biwi, kumene anyamata amaimika magalimoto ogulitsa m'mbali mwa msewu. Anasankha ine chifukwa ndinayendetsapo thalakitala ku esiteti ya fodya, ndiye ankati makina ndimawadziwa.

Ndalama zawo zinakwana kagalimoto kamodzi kokha pamzere wonsewo. Kanali kaja kakang'ono kodulidwa kumbuyo, kopanda mchira, kamene chitseko chake chachisanu chimatsekukira m'mwamba ngati chivundikiro cha bokosi. Wogulitsa wake, mnyamata wa nsapato zosongoka dzina lake Waisoni, anati kangofika kumene kuchokera ku Japan. Ine nditakayang'ana ndinaona kuti ku Japan kanachokako kalekale, ndipo panjira kanagona m'makomo ambiri.

Ndinaonanso kanthu kena. Waisoni atakayendetsa kubwera nako pomwe tinaima, sanatulukire mbali yake ya dalaivala. Anadumpha giya, n'kutulukira chitseko cha kumanzere. Ine ndinangoti ndi chibwana cha anyamata a m'tauni. Kenako anathamanga kuzungulira kutsogolo, anatsekula chitseko cha dalaivala cha kunja, n'kuwerama mpaka makiyi ake kukhudza fumbi.

"Lowani, bwana."

Alamu anga anacheuka kuti aone bwana amene akunenedwayo. Kumbuyo kwawo kunalibe munthu. Pamenepo ndinaona nkhope yawo ikusungunuka, ndipo ndinadziwa kuti golosale ya mlongo wanga yapita.

Kuyendetsa ankadziwa, anaphunzira kwa madalaivala a ku ofesi, ndipo laisensi ankangoyenda nayo m'thumba ngati chithumwa. Tinazungulira mpaka ku Mchesi n'kubwerera. Kagalimoto kasanaime bwinobwino, Waisoni anali atadumpha kale, wazungulira, watsekula, wawerama.

"Munthu ngati inu, bwana, musamalimbane ndi zitseko," anatero. "Zitseko ndi za ife anyamata."

"Mwamva, alamu?" anatero a Laitoni. "Anthu oleredwa bwino akadalipo m'dziko muno."

Ine ndinati tisathamange. Tiyang'ane pansi ngati oilo sakudontha, tiyese zitseko zonse mkati ndi kunja, titsitse magalasi. Tinayamba ndi galasi la dalaivala. Linatsika zala zinayi, n'kuima nji.

"Anakonza dala choncho a ku Japan, bwana," anatero Waisoni, "kuti akuba asamatsomphole foni."

"Nanga zitseko?" ndinafunsa ine.

"Alamu," anatero a Laitoni mondichititsa manyazi, "iyi si thalakitala. Musamutayitse nthawi mwanayu."

Mapepala anasainidwa pabonati, ndipo Waisoni anawatsekulira chitseko kachitatu. Titanyamuka anatibayibitsa ndi manja onse awiri, ndipo sitinamuonenso.

Kunena chilungamo, kagalimotoko kanali ndi ubwino wake. Mafuta kankamwa ngati mwana wodwala, pang'onopang'ono. Kankalowa m'tinjira ta ku Kawale momwe magalimoto akuluakulu sangayerekeze. Koma m'mawa wozizira kankafuna kukankhidwa kaye, ndipo mukakwera akuluakulu anayi kankakhula mimba pa hampu iliyonse, moti awiri ankayenera kutsika n'kukakwerera kutsogolo. Choziziritsa m'kati chinafera ku Japan komweko.

Ndiponso alamu anga sanali munthu woumira. Wodwala usiku ndi usana ankamunyamula. Pamaliro kagalimoto kankakhala koyamba kufika. Matumba a chimanga a anthu, nkhuku, ngakhale mbuzi ya abusa, zonse zinakwerapo. Sankalipiritsa munthu. Malipiro ake anali amodzi okha: uwatsekulire chitseko polowa, uwatsekulirenso potuluka.

Mtolo wonse unagwera mlongo wanga. Akafika kutchalitchi, Nambewe ankatsika ndi chikwama chake ndi buku la nyimbo, kuzungulira kutsogolo, n'kutsekulira mwamuna wake amayi onse a mvano akuonerera. Tsiku lina analephera kupirira.

"Bambo a Tiyanjane, kodi dzanja lanulo linapuwala?"

"Silinapuwale, Nambewe. Linapuma pa ntchito."

"Nanga bwanji kutseka mumatseka nokha?"

"Kutseka sindinalumbirire."

Vuto linkakula akayenda okha. Akafika pamsika ankaliza hutala mpaka wogulitsa tomato wina atatopa n'kubwera. Tsiku lina anapita kukaona munda wawo ku Mitundu, n'kupeza kulibe munthu. Analiza hutala, kunabwera mbuzi zokha. Anauyang'ana mundawo kudzera pagalasi, anaona kuti udzu wakula, n'kutembenuza galimoto kubwerera kwawo. Tsiku linanso anafika pakhomo Nambewe atapita kumaliro. Anakhala m'galimoto kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka, akumvera wailesi, mpaka batire linatha. Anansi awo anachenjera. Akangomva hutala ija, aliyense ankapeza chochita kuseri kwa nyumba.

Miyezi isanu ndi itatu inatha choncho. Chotsekulira cha m'kati cha chitseko chawo sichinakhudzidwepo ndi munthu, chinkangonyezimira.

Tsopano Tiyanjane anapeza mnyamata womufunsira. Monga mudziwa, nkhani ya ukwati kwathu kuno sayendetsa ndi bambo wa mwana, amayendetsa ndi malume, mwini mbumba. Ndiye ine ndi amene ndinakumana ndi nkhoswe ya kuchimuna. Inafika pa minibasi, nkhalamba yoyenda ndi ndodo, ya magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo, maso atafooka ndi matenda a shuga. Itatchula dzina lake ndinachita kufunsa kawiri. Anali a Kapichila. Galimoto ija ankatsekuliridwa inali ya ku ofesi, ndipo atapuma pa ntchito inatsala ku ofesi komweko.

Nditakawauza alamu anga, anaimirira, anakhala pansi, anaimiriranso.

"Mulungu sagona," anatero. "Tamverani nonse. Tsiku la chinkhoswe munthu asayandikire galimoto yanga. Nambewe, musayerekeze. Alamu, inunso chimodzimodzi, ndipo muwauze abale onse. Wonditsekulira tsiku limenelo ndi Kapichila. Kamodzi kokha, anthu akuona. Akatero, ngakhale ndife mawa lake, ndifa wokhuta."

"Alamu," ndinatero, "pachinkhoswe bambo wa mwana alibe mawu. Mukachedwa m'galimotomo sitikudikirani."

"Mudikira. Munayamba mwaonapo chinkhoswe chopanda bambo?"

"Zambirimbiri," ndinatero, koma iwo anali atayamba kale kupukuta nsapato.

Tsikulo linafika, Loweruka la mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Nambewe anali atabwera kuno Lachitatu kudzathandiza zophika, ndipo kagalimoto kaja ndi kamene kanamubweretsa pamodzi ndi mabotolo a thobwa ochokera kwa anzake a ku Kawale. Potsitsa, mabotolo awiri anagubuduzikira pansi pa mpando osaonedwa. Anakhala mmenemo masiku atatu, m'galimoto yotseka, padzuwa la Okutobala. Mabotolo amenewo muwasunge m'mutu.

A Laitoni anachedwa dala kuti apeze anthu atakhala kale. Anafika dzuwa lili paliwombo, atavala suti yakuda ya zidutswa zitatu ndi tayi. Mthunzi wonse wa mango unali utatengedwa ndi alendo, ndiye anaimika galimoto pamtetete apo, pamene pali mulu wa njerwa lero, mapazi ngati makumi atatu kuchokera pomwe anakhala akuchimuna. Anazimitsa injini, anakonza tayi, n'kuliza hutala katatu.

Anthu anacheuka, kenako anabwerera ku zimene anadzera. Amayi awiri achilendo ananyamuka kuti akathandize, koma Nambewe anawagwira zitenje.

"Asiyeni," anatero. "Akudikira bwana wawo."

A Kapichila sankadziwa kanthu. Ndi maso awo aja, kagalimotoko mwina ankakaona ngati chulu. Zimkuzamawu zinali kulira, mwambo unayamba. Atsikana ofundidwa zitenje anatuluka, akuchimuna anakana awiri oyamba, wachitatu anamuvomera, nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Tinapatsana tambala ndi thadzi. Khasu ndi nkhwangwa zinaperekedwa, lichero ndi mthiko zinaperekedwa. Bambo wa mwana zonsezi ankaonera pagalasi lakutsogolo ngati kanema.

Ola linatha. M'kagalimoto muja munasanduka ng'anjo ya njerwa, ndipo mpweya unkangolowera pa zala zinayi zija. Ludzu litawakola, alamu anga anapapasa pansi pa mpando kufuna nsanza yopukutira thukuta, n'kupeza mabotolo aja atatupa ngati achule. Loyamba linatsekuka ndi mkokomo. Munthu wanzeru akananunkhiza kaye. Iwo anamwa lonse, anaona kuti likuwawasa bwino, n'kumwanso lachiwiri.

Ine chifundo chinandigwira. Ndinapita pagalasi paja.

"Alamu, mwambo ukutha. Ndikutsekulireni?"

"Mukagwira chitseko chimenechi, chilamu chatha."

Ndiye ndinangoti choipa chitsata mwini, koma ndiyeseko mbali inayo. Ndinakanjuta pafupi ndi a Kapichila n'kuwafotokozera zonse, osabisa kanthu. Ndinkayembekeza kuti akwiya, mwina n'kunyamuka ndi tambala wawo. Nkhalamba inavula magalasi, n'kuwapukuta ndi tayi.

"Laitoni?" inatero. "Wamtali uja, wa mpata kumano? Mwanayu ndi wa Laitoni? Munthu ameneyo sanachedwepo ngakhale tsiku limodzi. Ndipo ine, pamene ndikukumbukira, sindinamuuzepo zikomo. Zimenezo n'zochepa, achimwene. Tandipatsirani ndodo yanga."

Ndinathamanga kukanena uthenga. "Alamu, zatheka! Akubwera!"

Nkhope ya alamu anga inawala moti sindinaionepo chomwecho, ngakhale tsiku la ukwati wawo. Anawongola msana, anakonza tayi, anaika manja onse pachiwongolero. Koma pomwepo ndinamva phokoso likutuluka pa zala zinayi zija, gudugudu, ngati ngolo ikudutsa pamlatho wa matabwa.

"Alamu, chimenecho n'chiyani?"

"Palibe. Injini ikuzizira."

Injini inali itazima maola awiri apitawo, koma sindinatsutse.

Tsopano mapazi makumi atatu si mtunda. Ngakhale nkhalamba ya ndodo ikhoza kuwamaliza madzi a tiyi asanawire. Koma munthu wamkulu woleredwa sadutsa anthu okhala pansi ngati akudutsa zitsa. A Kapichila anayamba ndi mphasa ya amayi akuchikazi. Aliyense anagwada, aliyense anagwidwa chanza, aliyense anafunsidwa za kunyumba, za ana, ndi ngati kwawoko mitambo yayamba kusonkhana. Pamphasapo panali amayi khumi ndi awiri.

Atamaliza anayenda mapazi khumi, n'kukumana ndi abusa. Zinapezeka kuti bambo awo a abusawo anaphunzira limodzi ndi a Kapichila ku Dedza. Anafunika kukumbutsana mayina a aphunzitsi onse, amoyo ndi akufa.

Ndinayang'ana m'galimoto. Thukuta la alamu anga linali litasintha mtundu. Loyamba lija linali la dzuwa, ili linali lozizira, lochokera m'kati. Anali atamasula batani la buluku.

"Alamu," ndinanong'ona, "ndikutsekulireni mwakachetechete, mupite kuseri, mubwere mulowenso. Nkhalambayo siona, sidziwa kanthu."

"Anthu awona," anatero mano ali okukuta. "Ndadikira zaka makumi awiri ndi zisanu. Mapazi makumi awiri sangandikanike."

Apo n'kuti woyendetsa mwambo akukuwa pa chimkuzamawu kuti tsopano ndi nthawi ya malume a mnyamata kuti afupe. A Kapichila anaima pomwe analipo, anakweza ndodo m'mwamba, n'kuyamba kuvina kachikale, phewa limodzi kenako linzake. Lichero linawatsatira. Ndalama ankaponya imodziimodzi, iliyonse kuiyandikiza kaye kumaso kuti aione. Nyimboyo inali yaitali, ndipo anthu atasangalala ndi kavinidwe ka nkhalamba anapempha kuti ibwerezedwe.

Alamu anga anatsamira chipumi pachiwongolero. Milomo inkagwedera. Sindikudziwa ngati ankapemphera kapena ankawerenga mapazi.

Nyimbo itatha, a Kapichila anayenda bwino ndithu. Anatsala mapazi khumi, kenako asanu ndi awiri, kenako asanu. Ndinayamba kukhulupirira kuti zitheka. Pomwepo gogo wina wa kwathu, a Nachisale, anatukula mutu pamphasa.

"Kodi amenewa si a Kapichila? Ine ndine mkazi wa malemu Jailosi, uja munkapita naye kosaka."

"Malemu? Jailosi anatisiya?" anatero a Kapichila, n'kuvula chipewa.

Inu mukudziwa kuti maliro safotokozera pakati. A Nachisale anayambira pa tsiku limene mwamuna wawo anayamba kudandaula mwendo, chaka cha njala.

"Alamu," anatero a Laitoni ndi mawu aang'ono ngati a mwana, "chimbudzi chanu chikadali kuseri kwa nkhokwe?"

"Chikadali komweko."

"Pitani mukamukoke munthuyo. Munyamuleni ngati n'kotheka. Thamangani!"

Ndinapita. Koma mungamukoke bwanji munthu amene wavula chipewa akupepesa maliro? Ndinangoima pambali pawo ndi manja kumbuyo, ndikumvera za mwendo wa malemu Jailosi, umene panthawiyo unali utangofika kwa sing'anga woyamba.

Kumbuyo kwanga hutala inayamba kulira mosalekeza. Alamu anga anandiuza pambuyo pake kuti apa n'kuti atagonja. Ankakuwa pa kampata kaja kuti, "Alamu! Nambewe! Aliyense!" Koma zimkuzamawu zinali zitayambanso, ndipo amene anamva hutala anakumbuka lamulo la mwini wake. Ndinamva mayi wina akuuza mnzake kuti, "Musapiteko, anatiletsa. Akufulumizitsa bwana wawo." Sindinaonepo lamulo la alamu anga likumveredwa bwino ngati tsiku limenelo.

Ndinacheuka nyimbo itangoduka, ndipo zotsatirazi ndinaziona ndi maso anga, pamodzi ndi anthu oposa mazana awiri. A Laitoni anayang'ana dzanja lawo lamanja. Anayang'ana a Kapichila, mapazi asanu okha. Kenako anagwira chotsekulira chonyezimira chija n'kukoka.

Chitseko sichinatsekuke. Chotsekuliracho chinangobwera lobodo ngati dzino logwedera. Anakokanso ndi mphamvu, chinathothoka n'kutsalira m'manja. Anayesa kutulutsa mkono pagalasi kuti atsekulire kunja, mkono unakanirira pa wotchi. Pamenepo ine ndi iwo tinakumbukira nthawi imodzi mnyamata wa nsapato zosongoka uja, ndi chifukwa chake ankakonda kuwerama. Chitsekocho sichinkatsekuka m'kati chigulire, ndipo lumbiro la alamu anga ndi limene linamusungira Waisoni chinsinsi chake miyezi isanu ndi itatu.

Njira inatsala imodzi, ya Waisoni yomweyo. Munthu wamtali, wa zaka makumi asanu ndi limodzi, mu suti ya zidutswa zitatu, anayamba kudumpha giya m'kagalimoto kochepa ngati chikwatu cha nkhuku. Bondo linakanikiza hutala. Buluku linang'ambika kumbuyo, tonse tinamva. Kenako chitseko cha kumanzere chinatsekuka, ndipo dzanja limene linachikankha linali lamanja lomwe lija, lopuma pa ntchito.

Sanathamange ngati munthu wothamanga. Anayenda kaulendo kaja mukukadziwa nonse, mawondo ali pamodzi, mapazi ofulumira, maso ali patsogolo. Anthu anapatuka okha. Ngati anafika nthawi yabwino kapena ayi, zimenezo ndi za banja lathu.

Nthawi yomweyo a Nachisale anamaliza kuika maliro. A Kapichila anapepesa, anavala chipewa, n'kuyenda mapazi asanu aja. Sanaone kalikonse ka zimene zinachitika. Anapapasa chitseko cha dalaivala, anapeza chogwirira cha kunja, n'kutsekula bwinobwino. Kenako anavulanso chipewa, anatsamira ndodo, n'kuwerama mpaka pamene msana wawo unalolera.

"Tulukani, bwana Chimbalanga," anatero mokweza, bwalo lonse likumva. "Zikomo chifukwa cha zaka zonse zija. Ndinachedwa kunena."

Pampando panali chotsekulira chothothoka ndi mabotolo awiri opanda kanthu.

Palibe anaseka, ana inu. Mawu amene munthu anawadikira moyo wake wonse ananenedwa mokoma, pagulu, kwa mpando, mwini wake ali kuseri kwa nkhokwe.

Zotsatira zake n'zochepa. Pamene alamu anga ankatuluka kuja, atamanga jekete m'chiuno, a Kapichila anali ataperekezedwa kale kumsewu kuti apeze minibasi kusanade. Ndinawafotokozera alamu anga mawu onse a nkhalamba ija, ndipo anandiuza kuti ndibwereze katatu.

"Anawerama?" anafunsa.

"Anawerama, alamu."

"Mpaka pati?"

Ndinawasonyeza. Anagwedeza mutu. Lolemba lake makaniko wa pa Nathenje anakonza chitsekocho tiyi wake asanazizire. Kanali kawaya kamodzi kamene kanachoka m'malo mwake. Ndipo ngati mumadabwa chifukwa chake agalu onse a pakhomo pano, kuyambira gogo wake wa uyu wagona apayu, timawatcha Laito, lero mwadziwa. Mwini dzina ndi amene anaumirira. Anati lumbiro ndi lumbiro.

Koma mwambi wathu unabadwa pomwe paja, nkhalamba idakagwirabe chitseko. Itaona kuti palibe akutuluka, inasuzumira m'kati, inapapasa mpando, n'kutembenukira kwa ife.

"Kodi munthuyu ali kuti? Paja mwati satuluka popanda womutsekulira. Wandilanda ntchito yanga ndani?"

Tonse tinayang'ana pansi. Amene anayankha ndi Nambewe, mkazi amene anazungulira kagalimoto kaja miyezi isanu ndi itatu ndi chikwama m'manja. Anabwera pang'onopang'ono akupukuta manja pachitenje, anatseka chitseko cha kumanzere chimene mwamuna wake anasiya chili pululu, n'kugwada mwaulemu pamaso pa nkhoswe.

"Palibe wakulandani ntchito, bambo," anatero. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."